Mwana amapitiranji kusukulu? Kufotokoza maphunziro oika munthu patsogolo

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, mkangano umayambiranso pamene unalekezera chaka chatha. Ena amati ana a masiku ano akulekereredwa, aphunzitsi anasiya kuphunzitsa n'kumangogawa ana m'magulu. Ena amati vuto ndi kuloweza: mwana amatuluka ndi satifiketi m'manja, koma kuti aganize payekha zimamukanika. M'kati mwa mkanganowu mumamveka mawu amene aphunzitsi amakumana nawo kukoleji, akuti phunziro lizitsamira pa wophunzira, akuti sukulu izikuza munthu yense, akuti mphunzitsi ndi wothandizira. Mawuwa ali ndi kwawo. Mbiri yake ndi ya zaka zoposa 600, ndipo amachokera ku kaganizidwe kamene pa Chingerezi amakatcha humanistic education. Muno tizikatcha maphunziro oika munthu patsogolo.

Phata lake n'losavuta kunena. Cholinga choyamba cha sukulu ndi munthu amene wakhala pa desikiyo, kuti akule m'nzeru, m'khalidwe, mumtima, ndiponso kuti azitha kusankha yekha choyenera. Ntchito, mayeso ndi chuma cha dziko n'zofunika, koma zimabwera pambuyo. Pamene pagona vuto ndi apa: anthu ovomereza cholinga chimenechi sagwirizana pa njira yofikira kumeneko. Sukulu yokakamiza ana Chilatini ndi sukulu yolola ana kusalowa m'kalasi ngati sakufuna, zonse ziwiri zimati zikutumikira munthu. Wofuna kumvetsa nkhaniyi ayenera kusiyanitsa cholinga ndi njira, pakuti mikangano yambiri imabuka ziwirizi zikaphatikizidwa.

Gwero loyamba: mabuku akale ku Italy

M'zaka za m'ma 1300, mayunivesite a ku Ulaya monga ya Bologna ndi ya Paris ankasula maloya, madokotala ndi akatswiri a zaumulungu. Maphunziro ake ankatsamira pa luso lotsutsana motsatira malamulo a kaganizidwe a Aristotle, katswiri wa filosofi wakale wa ku Greece. Mlakatuli Francesco Petrarca, amene anabadwa mu 1304 n'kumwalira mu 1374, anadandaula kuti maphunziro otere amakuuza tanthauzo la ubwino koma sakupatsa mtima wofuna kukhala wabwino. Anatembenukira kwa alembi akale a ku Roma, makamaka Cicero, amene ena mwa makalata ake anawatulukira ku Verona mu 1345. Omutsatira anasonkhanitsa maphunziro asanu amene anawatcha studia humanitatis: galamala, luso loyankhula ndi kulemba mokopa, ndakatulo, mbiri yakale, ndi nzeru za makhalidwe.

Ganizo lawo linali lakuti munthu sabadwa wokwanira. Amakhwima pomva zimene anthu anzeru akale anaganiza, kudzera m'zolemba zawo, kenaka n'kugwiritsa ntchito nzeruzo potumikira mzinda wake.

Mu 1423 banja lolamulira la Gonzaga linaitanira mphunzitsi Vittorino da Feltre ku Mantua kuti akaphunzitse ana awo. Iye anatsegula sukulu yotchedwa La Giocosa. Ana ankaphunzirako Chilatini, Chigiriki, masamu ndi nyimbo, komanso ankachita masewera olimbitsa thupi, chifukwa Vittorino sankaona thupi ngati mdani wa nzeru. Ankalandiranso mwaulere ana a anthu osauka kuti aziphunzira pamodzi ndi ana a olamulira, ndipo mwana wamkazi wa banjalo, Cecilia, anaphunzira Chigiriki monga alongo ake. Patapita zaka zoposa 100, mu 1529, Erasmus wa ku Rotterdam anadzudzula kwambiri aphunzitsi omenya ana, nati mwana wophunzitsidwa ndi mkwapulo amadana ndi maphunziro asanawalawe n'komwe.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Masiku ano kuli magulu a anthu osapembedza amene amadzitcha ma humanist, ndiye ena amayesa kuti maphunzirowa ndi okana Mulungu. Mbiri siikutero. Erasmus anali wansembe wa Katolika. Jan Amos Comenius, amene mu 1658 anatulutsa limodzi mwa mabuku oyambirira a ana okhala ndi zithunzi, ndipo ankafuna kuti anyamata ndi atsikana onse, olemera ndi osauka, aziyamba sukulu m'chiyankhulo cha kwawo, anali bishopu. M'kaganizidweka muli opembedza ndi osapembedza omwe.

Ku Germany ganizoli analipititsa patsogolo ndi Wilhelm von Humboldt, amene anatsogolera zamaphunziro ku Prussia mu 1809 ndi 1810 ndipo anakhazikitsa yunivesite ya Berlin. Iye ankati munthu amakhala mmisiri wabwino, wamalonda wabwino kapena msilikali wabwino pokhapokha atayamba wakhala munthu ndi nzika yabwino, yodziwa zinthu. Anawonjezera kuti munthu wophunzira motero savutika kusintha ntchito zinthu zikasintha. Mukayerekeza ndi sukulu yophunzitsa luso limodzi lokha, kusiyana kwake ndi kumeneko: ina imakonzekeretsa munthu ntchito imene ilipo lero, inayo imamukonzekeretsa ngakhale ntchito imene sinabwere.

Njirayi inali ndi zofooka zake. Kwa zaka mazana ambiri inali ya ana aamuna a mabanja opeza bwino, ndipo m'sukulu zambiri inasanduka kuloweza galamala ya Chilatini pansi pa mkwapulo womwewo umene Erasmus ankadana nawo. Ku Malawi kuno mwambo umenewu tinauona ndi maso. Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama m'boma la Kasungu, inaika Chilatini ndi Chigiriki pakati pa maphunziro ake, ndipo ana ankasankhidwa kuchokera m'maboma onse. Oiyamikira ankati mwana wakumudzi wapatsidwa zimene ana a nduna za ku Britain amapatsidwa. Oidzudzula ankafunsa chifukwa chimene ndalama zochuluka chotero zinkapitira kwa ana ochepa pamene sukulu za pulayimale zinalibe mabuku, ndiponso chifukwa chimene nzeru zokhwimitsa Mmalawi zinayenera kuchokera ku Athens ndi ku Roma.

Gwero lachiwiri: kukhulupirira mwanayo

Gwero lachiwiri limatembenuza loyambali. M'malo monena kuti umunthu uli m'mabuku ndipo uyenera kulowetsedwa mwa mwana, limati mwana amabadwa ndi chilakolako chofuna kudziwa ndi kukula, ndipo udindo wa akuluakulu ndi kusachizimitsa. Jean-Jacques Rousseau analemba zimenezi mu 1762 m'buku la Émile, limene linawotchedwa ku Paris ndi ku Geneva makamaka chifukwa cha zimene linanena pa chipembedzo. Mwiniwakeyo ana ake asanu anakawasiya kunyumba yolerera ana otayidwa, ndipo omutsutsa sanaiwale zimenezo mpaka lero. Amene anayesa maganizowa pa ana enieni ndi Johann Heinrich Pestalozzi wa ku Switzerland, yemwe mu 1799 ankalera ana amasiye a nkhondo ku Stans, kenaka n'kuyendetsa sukulu yotchuka ku Yverdon. Kwa iye maphunziro anali a mutu, mtima ndi manja pamodzi. Mu 1907 Maria Montessori anatsegula sukulu ya ana aang'ono m'dera la anthu osauka la San Lorenzo ku Rome, momwe ana ankasankha okha chida choti agwire nacho ntchito.

Koma dzina la maphunzirowa masiku ano limayenda kwambiri ndi akatswiri awiri a saikoloje a ku America, Abraham Maslow ndi Carl Rogers. M'zaka za m'ma 1950 mawu amphamvu pa saikoloje anali a B. F. Skinner, amene ankati khalidwe limaumbidwa ndi zotsatira zake: chimene chabweretsa mphotho chimabwerezedwa. Skinner anapanga mpaka makina ophunzitsira, opereka funso laling'ono, kulandira yankho, n'kuuza wophunzira pomwepo ngati wakhoza. Maslow ndi Rogers ankati zimenezi zikufotokoza bwino nkhunda ndi makoswe a mu labotale, koma zikusiya kunja zimene zimayendetsa munthu: cholinga, tanthauzo, ndi ufulu wosankha.

Maslow, mu 1943, anandandalika zosowa za munthu. Pansi pali chakudya, madzi ndi tulo, kenaka chitetezo, kenaka kukondedwa ndi kukhala m'gulu, kenaka kulemekezedwa, pamwamba pali kukhala chimene munthuyo angathe kukhala. Tanthauzo lake kusukulu ndi loonekeratu. Mwana wanjala, kapena woopa kumenyedwa, sangaike mtima pa masamu. Aliyense amene anaona mmene phala limakopera ana kusukulu, kuyambira pamene bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yake ku Malawi mu 2002, akudziwa mbali imeneyi popanda kuwerenga buku. Komabe kafukufuku wa pambuyo pake sanatsimikize kuti zosowazo zimatsatana mwandondomeko yokhwima, pakuti anthu ambiri amafuna ulemu ndi tanthauzo ali ndi njala yomweyo. Ndipo chithunzi cha piramidi chimene chili m'mabuku a kukoleji sanachijambule ndi Maslow; anachijambula ndi ena pambuyo pake.

Rogers anali mlangizi wa anthu ovutika m'maganizo, ndipo zimene anaphunzira m'chipinda cha uphungu anazitengera m'kalasi, makamaka m'buku la Freedom to Learn la 1969. Ankakonda kusimba za mbatata zimene kwawo ankasunga m'chipinda chapansi m'nyengo yachisanu. Ngakhale zinali mumdima, zinkaphuka timphukira totuwa tolunjika kukawindo kamene kanali patali. Ankati munthu alinso choncho, amalunjika kokula ngakhale pamalo oipa, ndipo mphunzitsi ayenera kukonza malowo.

Malowo, malinga ndi Rogers, amakonzeka ndi makhalidwe atatu a mphunzitsi. Loyamba ndi kukhala weniweni, osavala nkhope ya udindo. Lachiwiri ndi kulandira wophunzira monga munthu waulemu wake, akhoze kapena alephere. Lachitatu ndi kuyesetsa kuona zinthu mmene wophunzirayo akuzionera. Tiyerekeze mtsikana wa Sitandade 6 amene wajomba masiku atatu ndipo walakwa masamu onse. Mphunzitsi wina amutcha mbuli pamaso pa anzake n'kumupatsa chibalo chotchetcha. Wina amuuza mosabisa kuti masamuwo alakwika ndipo iye sanakondwe ndi kujombako, koma osamunyoza, kenaka amufunsa chimene chachitika kunyumba, n'kumva kuti amayi ake ali kuchipatala ndipo iye ndiye akulera ang'ono ake. Mphunzitsi wachiwiriyu sanachepetse muyezo wa masamu. Pamenepa ambiri amamuphonya Rogers: kulandira munthu si kuvomereza chilichonse chimene wachita.

Komabe Rogers anapita patali kuposa apa. Pamsonkhano wina ku Harvard mu 1952 ananena kuti zimene munthu angaphunzitse mnzake n'zosafunika kwenikweni poyerekeza ndi zimene munthu watulukira yekha, ndipo kuti maganizo akewo atatsatidwa mpaka kumapeto, mayeso, magiredi ndi madigiri zingathe. Sukulu imene inayenda kufupi ndi maganizo otere ndi Summerhill, imene A. S. Neill anayambitsa mu 1921 ndipo yakhala ku Leiston ku England kuyambira 1927. Kumeneko kulowa m'kalasi n'kosakakamiza, ndipo malamulo a sukulu amapangidwa pamsonkhano pomwe voti ya mwana ndi ya mphunzitsi n'zofanana. Mu 1999 oyendera sukulu a boma anaidzudzula, boma linafuna kuti isinthe, koma mu 2000 nkhaniyo itafika kubwalo, boma linalola kuti sukuluyo ipitirize ndi mwambo wake. Ndi sukulu yaing'ono yolipira, yogonera komweko, ndipo zimenezi n'zofunika kuzikumbukira pofunsa ngati njira yake ingatheke kwina.

Munthu pakati pa anzake

Maslow ndi Rogers ankayang'ana kwambiri munthu mmodzi ndi kukula kwake. Ena anafunsa: nanga ngati chimene chikumulepheretsa kukula si mphunzitsi wankhanza koma umphawi, utsamunda kapena mwini munda?

Paulo Freire wa ku Brazil anayankha funsoli ndi ntchito. Mu 1963, m'tauni ya Angicos kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, gulu lake linaphunzitsa akuluakulu pafupifupi 300 kuwerenga m'masiku 45, poyambira pa mawu a m'moyo wawo wa tsiku ndi tsiku ndi kukambirana chifukwa chimene moyo wawo unalili wotero. Nthawi imeneyo ku Brazil wosadziwa kuwerenga sankaloledwa kuvota, choncho kuphunzitsa alimi kuwerenga inali nkhani ya ndale. Asilikali atalanda boma mu 1964 anamutsekera Freire m'ndende, kenaka iye anathawira kunja. Freire ankadzudzula maphunziro amene ankawafanizira ndi banki, momwe mphunzitsi amasungitsa mfundo m'mitu ya ana kuti adzazitape pa mayeso. Cholinga chake chinali chakuti wophunzira adzione ngati munthu wotha kusintha zinthu.

Ku Africa, Julius Nyerere anatulutsa mu 1967 ndondomeko ya maphunziro odzidalira ku Tanzania. Anaona kuti pulayimale inkakonzekeretsa ana onse kupita kusekondale pamene osankhidwa anali ochepa kwambiri, moti ambiri ankabwerera kumudzi akudziona ngati olephera. Anafuna kuti pulayimale ikhale maphunziro okwanira paokha, sukulu zikhale ndi minda, ndipo mayeso achepetsedwe mphamvu. Zimene zinachitika n'zakuti makolo ambiri anapitiriza kuona mayeso ngati khomo lokhalo lotulukira mu umphawi, ndipo m'sukulu zambiri munda unasanduka ntchito yakalavulagaga yosalumikizana ndi phunziro. Chaka chomwecho ku Zambia, Kenneth Kaunda anakhazikitsa Humanism ngati mfundo yoyendetsera dziko, ponena kuti munthu ndiye ayenera kukhala pakati pa zonse, ndipo ndondomeko yosintha maphunziro ya 1977 inatsamira pa mfundoyo.

Kwa ife oyankhula Chichewa mbali imeneyi si yachilendo. Timati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo tikati munthu ali ndi umunthu timanena za mmene amakhalira ndi anzake, osati za madigiri ake. Apa umunthu ndi maphunzirowa zimagwirana manja. Koma si paliponse pamene zimagwirizana. Rogers amafuna mwana wofunsa, wotsutsa, wodzisankhira. Mwambo wathu m'madera ambiri umayamikira mwana womvera, wosayankha akulu. Amene amati maphunziro oika munthu patsogolo ndi umunthu womwewo, n'chimodzimodzi amene amati ndi zachizungu basi, onse akudumpha pamene pali ntchito yeniyeni yoganiza.

Zimene maiko anasainira, ndi mpikisano wake

Cholinga cha maphunzirowa chinalowa kale m'malamulo a dziko lonse lapansi. Gawo 26 la chikalata cha United Nations cha ufulu wachibadwidwe cha 1948 limanena kuti maphunziro azilunjika pa kukuza munthu mokwanira ndi kulimbikitsa kulemekeza ufulu wa anthu. Gawo 29 la pangano la ufulu wa ana la 1989, limene Malawi analivomereza mu 1991, limabwereza zomwezo. Bungwe la UNESCO linatulutsa lipoti la komiti ya Edgar Faure mu 1972, ndipo mu 1996 lipoti la komiti ya Jacques Delors linatchula nsanamira zinayi: kuphunzira kudziwa, kuphunzira kuchita, kuphunzira kukhala ndi ena, ndi kuphunzira kukhala munthu.

Pambali pake pakhala pakuyenda ganizo lina lamphamvu. Akatswiri a zachuma Theodore Schultz mu 1961 ndi Gary Becker mu 1964 anafotokoza maphunziro ngati ndalama zolowetsedwa mwa anthu kuti zidzabale phindu, monga mmene kampani imagulira makina. Ganizoli lathandiza kwambiri, chifukwa ndi limene limakopa nduna za zachuma ndi mabungwe obwereketsa ndalama kuti aike chuma m'sukulu. Koma limasintha funso. M'malo mofunsa kuti mwanayu akukhala munthu wotani, limafunsa kuti adzapeza malipiro otani. Mu 2015 nduna ya zamaphunziro ku Japan inalembera mayunivesite a boma kuti atseke kapena asinthe nthambi za maphunziro a chikhalidwe ndi za anthu kuti zigwirizane ndi zosowa za dziko, ndipo panabuka mkangano waukulu. Katswiri wa filosofi Martha Nussbaum anali atachenjeza kale mu 2010 kuti demokalase imafuna nzika zotha kuunika mfundo ndi kumva zowawa za ena, ndipo luso limeneli silioneka m'chiwerengero cha malipiro. Omutsutsa amayankha kuti n'kosavuta kunena zimenezo uli pantchito, ndipo wachinyamata amene wamaliza sukulu n'kusowa chochita sangadye ndakatulo.

Kodi kafukufuku akuti chiyani?

Apa m'pamene kusiyanitsa cholinga ndi njira kumathandiza kwambiri, chifukwa umboni sunagwere mbali imodzi.

Pa ubale wa mphunzitsi ndi wophunzira, umboni ukukomera Rogers. Mu 2007 Jeffrey Cornelius-White anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 119 ndipo anapeza kuti kumene aphunzitsi ndi achikondi, omvetsa ndi olemekeza ana, ana amatenga mbali kwambiri, sasiya sukulu wamba, ndipo amakhoza bwinoko. Chenjezo lake n'lakuti zinthu ziwiri kuyendera limodzi si umboni wokwanira kuti china chikubala chinzake.

Pa kusiya ana kuti atulukire okha, nkhani ndi ina. Kuyambira 1968 mpaka 1977 boma la America linayerekeza njira zosiyanasiyana zophunzitsira ana a mabanja osauka pa ntchito yotchedwa Follow Through. Njira ya Siegfried Engelmann, yophunzitsa mwachindunji, pang'onopang'ono, mobwereza, inapambana pa kuwerenga ndi masamu, ndipo chodabwitsa n'chakuti inachitanso bwino pa kudzidalira kwa ana kuposa njira zimene cholinga chawo chinali kudzidalirako. Akatswiri ena anatsutsa mmene kuyezako kunachitikira, ndipo mtsutsowo sunathe. Mu 2006 Paul Kirschner, John Sweller ndi Richard Clark anafotokoza chifukwa chake: ubongo umagwira zinthu zatsopano zochepa panthawi imodzi, ndiye wongoyamba kumene akasiyidwa yekha amasochera, pamene wodziwa kale amapindula ndi ufulu. Mayi wophunzitsa mwana kuphika nsima samupatsa ufa ndi mthiko n'kumuuza kuti atulukire yekha. Samangomuuzanso pakamwa mwanayo ali chikhalire. Amamuonetsa, amagwira naye mthiko, amamusiya avundule iye ali pafupi, ndipo tsiku lina amachoka pamoto. Funso si lakuti ufulu kapena chitsogozo, koma kuti dzanja lichotsedwe liti. Ngakhale John Dewey, amene ambiri amamutchula ngati tate wa maphunziro otsamira pa mwana, anachenjeza omutsatira mu 1938 kuti kungochotsa ulamuliro wa mphunzitsi si maphunziro.

Palinso phunziro lochokera ku California. Mu 1986 boma la kumeneko linakhazikitsa komiti yolimbikitsa kudziona wofunika, pokhulupirira kuti zimenezi zichepetsa kulephera kusukulu ndi umbanda. Mu 2003 Roy Baumeister ndi anzake ataunika kafukufuku anapeza kuti kudziona wofunika sikubweretsa kukhoza kwenikweni. Kawirikawiri kukhoza ndiye kumabweretsa kudziona wofunika. Kuyamikira mwana pa chinthu chimene sanachite sikumukuza.

Ndiye pali nkhani ya malo. Malawi atayamba pulayimale yaulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi ambiri osadutsa kukoleji. Mu 2007 silabasi yatsopano ya pulayimale yotchedwa PCAR inayamba kulowa m'sukulu, yolimbikitsa njira zotsamira pa wophunzira ndi kuyesa ana mosalekeza. Koma m'kalasi ya ana oposa 100, momwe ana khumi azungulira buku limodzi pansi, ntchito ya m'magulu imatha kukhala dzina chabe: mmodzi akulemba, ena akuonerera. Ndipo pamapeto pake mayeso a Sitandade 8 ndiwo amanena amene asankhidwe kupita kusekondale, choncho mphunzitsi wofunira ana ake zabwino amabwerera ku kuloweza. Izi si za Malawi yekha. Mu 2011 Michele Schweisfurth anaunika kafukufuku 72 wa m'maiko osauka ndipo nkhani zambiri zinali za njirazi kulephera kukhazikika. Richard Tabulawa wa ku Botswana anafika ponena kuti mabungwe othandiza amakankha njirazi chifukwa zimanyamula maganizo a ndale ndi zachuma a maiko awo. Chimene ine ndimaona chofunika kuchigwiritsitsa n'chakuti kugawa ana m'magulu si umboni wa umunthu, ndipo kuima kutsogolo n'kufotokoza si umboni wa nkhanza. Mphunzitsi atha kuphunzitsa kalasi yonse pa bolodi akudziwa dzina la mwana aliyense, akulola mafunso, osanyoza wolakwa.

Mafunso amene akadali poyera

Funso loyamba ndi lakuti ndani anganene chimene munthu wokwanira ali. Petrarca anali ndi chithunzi chake, Rogers chake, Nyerere chake, ndipo kholo la ku Nsanje, shehe wa ku Mangochi ndi m'busa wa ku Ekwendeni ali ndi zawo. Boma likasankha chimodzi n'kuchiika m'silabasi, kodi likukuza ana kapena likuwaumba mmene likufunira? Likapanda kusankha, kodi sukulu yatsala ndi chiyani kupatula mayeso?

Lachiwiri ndi la kuyeza. Chifundo, chidwi ndi kulimba mtima n'zovuta kuziika pa pepala, ndipo chimene sichiyezedwa chimasowa malo pa ndandanda ya maphunziro. Koma zikayamba kuyezedwa, ana amaphunzira kuyankha zimene woyesa akufuna kumva. Palibe dziko limene lathetsa vutoli mokhutiritsa onse.

Lachitatu ndi la chilungamo, ndipo ndi lolemera. Mwana wa m'nyumba yodzaza mabuku akapatsidwa ufulu wotsatira chidwi chake, amakhala ndi poyambira. Mwana amene sukulu ndiyo malo okhawo okumana ndi sayansi, mbiri ya dziko ndi Chingerezi cha pamayeso atha kutayika akauzidwa kuti atsate zimene akudziwa kale. Mphunzitsi wa ku America Lisa Delpit ananena zimenezi mu 1988 pokamba za ana akuda a m'dziko lake. Ena amayankha kuti ana osaukawo ndi amenenso amanyozedwa ndi kumenyedwa kwambiri m'sukulu zokhwima, ndipo ndi amene amayamba kusiya. Kodi chimene chingawateteze kwambiri ndi chiti, mwambo wolimba kapena ufulu wochuluka, ndipo pa msinkhu uti?

Pali funso la chiyankhulo, limene Comenius analidzutsa zaka zoposa 350 zapitazo: kodi mwana angafunse, kutsutsa ndi kufotokoza za mumtima mwake m'chiyankhulo chimene sanachidziwe bwino? Ndipo ngati ayamba m'chiyankhulo cha kwawo, asinthe liti, m'dziko la ziyankhulo zambiri momwe cha kwawo kwa wina ndi chachilendo kwa mnzake?

Ndiye pali la aphunzitsi eni ake. Rogers amafuna mphunzitsi womvetsera, woleza mtima, wodziwa nkhani ya mwana aliyense. Kodi zimenezi zingayembekezeke kwa munthu amene ali ndi ana 120, nyumba yodontha ndi malipiro osafika pakati pa mwezi, yemwe akuluakulu ake samumvetsera iyeyo? Ndipo malo a kusekondale ndi kuyunivesite akakhala ochepa kuposa ana owafuna, n'chiyani chingalowe m'malo mwa mayeso posankha, chimene makolo angachikhulupirire kuti chilibe kukondera?